Dodgers ikaluza ndimadwala nazo, kodi sizoni ya baseball timaitsata bwanji?

Uthenga wa sabata ino wachokera kwa m'bale wathu wina ku California, ndaudula pang'ono koma mfundo zake ndi izi:

"Zikomo akulu. Ine kumudzi ndinali munthu wa mpira wamiyendo, wa Bullets weniweni, baseball ndinayamba kuyitsata mu 2025 chifukwa mwana wanga wazaka 11 akusewera Little League, ligi ya ana, komanso anzanga ku ntchito sakamba china koma Dodgers, timu ya ku Los Angeles. Koma masewerawa andizunguza mutu. Mu Julaye timu inaluza magemu 7 motsatizana, ina mpaka 18-1, ine ndinati basi kochi achoke, anzanga ankangondiseka. Pitcher, woponya mpira uja, akuponya bwinobwino kochi akukamuchotsa. Osewera okhalitsa pa timu akuwachotsa pakati pa sizoni ngati aba. Kenako timu yomweyo n'kutenga chikho! Nde sizoni timaitsata bwanji kuti munthu uzidziwa ngati timu ili bwino kapena ayi? Komanso mwana wangayu ndi pitcher, nthawi zina amadandaula chigongono, pali choopsa?"

Achimwene, khazikani mtima pansi, simuli nokha ndipo mutu wanu uli bwinobwino. Aliyense amene anakulira pa mpira wamiyendo n'kudzayamba baseball atakula amadutsa momwemo. Inenso zaka zoyambirira ndinkachotsa kochi sabata iliyonse ndili pa mpando kunyumba kkkk. Ndatha zaka zambiri tsopano ndikulemba ma scorebook komanso kuthandiza kuphunzitsa ana, ndipo chomwe ndinaona n'chakuti vuto lathu ndi mtima womwe tinabwera nawo. Super League ya kwathu timu imasewera magemu 30 pa sizoni, nde mukaluza atatu motsatizana ligi yayamba kale kukuthawani, anthu kuyamba kulondalonda basi ya timu n'zomveka. Kuno timu iliyonse mwa matimu 30 a MLB, ligi yaikulu ya baseball kuno ku America, imasewera magemu 162, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala, pafupifupi tsiku lililonse, kupuma mwina kamodzi pa sabata kapena osapuma n'komwe.

Tiyeni tiwerengetse za Dodgers yanuyo. Mu 2025 inawina magemu 93, inaluza 69. Imvani bwino, 69. Ndiye kuti ikanakhala ku Super League inaluza gemu iliyonse kwa masizoni awiri athunthu n'kuwonjezerapo 9, koma ndi yomwe inatenga World Series, chikho chachikulu cha pamapeto pa sizoni. Chaka cha 2024 inawina 98 n'kuluza 64 ndipo panalibe timu ina yoiposa mu MLB yonse. Kumbali inayi, Chicago White Sox ya 2024 yomwe inaluza magemu 121, manyazi osaneneka, inawinabe 41. Masewerawa ndi otero, timu yofooka kwambiri imatha kukwapula akatswiri Lachiwiri lililonse chifukwa zambiri zimatengera amene akuponya tsiku limenelo. Nde magemu 7 aja ndi ng'amba ya mu Januwale chabe, chimanga chimafota masamba inde koma palibe amene amazula munda chifukwa cha zimenezo, timadikira tione nkhokwe.

Ndipo pali kanthu kena kokoma pa magemu omwe anakudwalitsaniwo. Atatu mwa 7 aja anali a Milwaukee Brewers, ndipo sizoni yonse ya 2025 Brewers inakumana ndi Dodgers ka 6 n'kuwina onse 6. Inamalizanso ndi magemu 97, kuposa wina aliyense. Atakumananso mu Okutobala pa NLCS, semifainolo ya playoffs (magemu ochotsana opita ku World Series), Dodgers inawina 4-0, Brewers osalawako ngakhale imodzi. Zotembenuka zake ziliponso ndipo anzanu a ku ntchitowo sangakonde kuti muwakumbutse. Mu 2022 Dodgers inawina magemu 111 koma San Diego Padres inaitulutsa pa ndime yoyamba yomwe inasewera mu playoffs, mu 2023 inawina 100 n'kutulutsidwa 3-0 ndi Arizona Diamondbacks yomwe inali itawina 84 basi. Kuyambira 2022 matimu 12 ndi amene amalowa playoffs, nde kwa timu ya ndalama ngati Dodgers kulowako si nkhani yovuta kwenikweni. Nkhani ndi yakuti ikafika Okutobala ifike ndi mikono yamoyo. Mukagwira mfundo imeneyi zambiri zomwe kochi amachita zomwe zimaoneka ngati misala ziyamba kumveka.

Za 18-1 zija musazitengere kumtima. Kuno kulibe zoti kusiyana kwa zigoli kukupatseni mapointi, kuluza 18-1 ndi kuluza 2-1 zonse zimalembedwa L imodzi, kuluza kumodzi basi. N'chifukwa chake gemu ikaonongeka kochi samaonongeranso ma pitcher ake abwino, amangosiya moto uyake, nthawi zina mpaka kutenga wosewera wa mu infield, amene si pitcher n'komwe, kuti aziponya timipira tofewa kuti gemu ithe. Kiké Hernández anachita zimenezi kangapo mu 2025. Kwa ife a mpira wamiyendo zimaoneka ngati kugulitsa gemu, koma mawa kulinso gemu, mkuja kulinso ina.

Tsopano za kuchotsa pitcher, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amakanganirana ngakhale omwe anabadwira m'masewerawa. Kuponya mpira pa liwiro la mamailosi 95 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 153, si chinthu chomwe mkono wa munthu unalengedwera. Mkati mwa chigongono muli kamtsempha kotchedwa UCL ndipo kuponya kulikonse kumakakoka. Kakaduka ndiye opaleshoni ija mumamva akuti Tommy John, dzina lake linachokera kwa pitcher wa Dodgers yemweyo amene anali woyamba kuchitidwa mu 1974 ndi dokotala wa timuyo Frank Jobe. Kuchira kwake ndi chaka chathunthu mpaka chaka ndi theka. Shohei Ohtani anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu Seputembala 2023, sizoni yonse ya 2024 sanaponye n'kamodzi komwe, ankangomenya, anadzayambiranso kuponya pa 16 Juni 2025 ndipo tsiku limenelo anamupatsa inning imodzi yokha, chigawo chimodzi mwa zigawo 9 za gemu. Munthu wa kontrakiti ya madola 700 miliyoni, inning imodzi basi kakhale pansi. Anapita naye pang'onopang'ono choncho mpaka mu Okutobala pomwe anaponya ma inning 6 opanda run (chigoli), ma strikeout 10 (womenya kutuluka atalephera mpira katatu), n'kumenyanso ma home run atatu (mpira kuuluka kudutsa mpanda wa bwalo) gemu yomweyo yotsiriza ndi Brewers.

Nde starter, amene amayamba gemu, amaponya kamodzi pa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi ndipo akamayandikira mipira 100 kochi amayamba kuyang'ana ku bullpen, komwe kumakhala ma pitcher olowa m'malo. Ku Japan ma starter anazolowera kuponya kamodzi pa sabata, n'chifukwa chake Yoshinobu Yamamoto nthawi zambiri amamupatsa tsiku lowonjezera lopuma. Chifukwa chachiwiri si kutopa kokha ayi. Omenya alipo 9 ndipo amabwera mozungulira. Ulendo woyamba womenya amakhala asanaone mpira wa pitcher tsiku limenelo, ulendo wachiwiri wayamba kuuzolowera, wachitatu maso aphunzira kale kuti slider yake ikukhota pati ndipo pitcher nayenso mphamvu zayamba kutsika. Ziwerengero za zaka zambiri zimaonetsa kuti ulendo wachitatuwu ndi pomwe ma pitcher ambiri amayamba kumenyedwa. Ndiye mukaona kochi akuyenda kupita pa mound, kachulu komwe pitcher amaimapo, mu inning ya 6 pomwe munthu akuoneka kuti ali bwino, iye akuona omenya atatu omwe akubwerawo, inu mukuona omwe adutsa kale.

Sindikunena kuti makochi salakwitsa. Pa 13 Epulo 2022 Clayton Kershaw wa Dodgers anaponya ma inning 7 ndi Minnesota Twins popanda munthu ngakhale mmodzi kufika pa base (malo omwe womenya amathamangira akamenya mpira), ma strikeout 13, mipira 80 yokha, perfect game ikununkhira, kochi Dave Roberts anamuchotsa. Dziko linalira. Koma chaka chapitacho mkono unali utamuvuta ndipo spring training, nthawi yokonzekera sizoni, inali yaifupi chifukwa cha mkangano wa eni matimu ndi osewera, mwini wakeyo anavomereza kuti kochi anachita bwino. Pamenepo ine ndili mbali ya kochi. Koma tengani gemu 6 ya World Series ya 2020, Blake Snell ali ku Tampa Bay Rays nthawi imeneyo, akutsogola 1-0, wachita ma strikeout 9, omenya a Dodgers sakuuona mpira, mipira 73 yokha. Austin Barnes anangomenya ka single kamodzi, kongomufikitsa pa base yoyamba, mu inning ya 6, kochi Kevin Cash n'kutuluka kukamuchotsa poopa ulendo wachitatu uja. Amene analowa anamenyedwa double ndi Mookie Betts, ma run awiri analowa inning yomweyo, Dodgers inawina 3-1 n'kutenga chikho. Pamenepo ine mpaka lero ndimati pepala linaposa maso. Mu Epulo mumasunga mkono chifukwa kutsogolo kuli magemu 150, koma gemu yoti mukaluza mukupita kwanu mukusungira ndani? Ndipo onani mmene zinthu zimazungulirira, Snell yemweyo anadzasaina ku Dodgers isanayambe sizoni ya 2025.

Umboni woti kusunga kuja kumalipira ndi 2025 yomweyo. Snell anakhala kunja ndi phewa kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, Tyler Glasnow nayenso phewa miyezi iwiri ndi kanthu, Roki Sasaki kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Nthawi yomwe inu munkadwala mu Julaye ija timu inkayenda ndi zigamba. Sanawathamangitse kuti abwerere msanga, anawasiya achire. Itafika gemu 7 ku Toronto pa 1 Novembala, Ohtani anayamba, Glasnow analowa, Snell analowa, kenako Yamamoto amene dzulo lake lomwelo anali ataponya mipira 96 analowa osapuma n'kumaliza gemu mu inning ya 11. Malamulo onse a masiku opuma aja anatayidwa pawindo usiku umenewo chifukwa mawa kunalibe. Mkono womwe sunaphedwe mu Juni ndi womwe unatha kuchita zimenezo.

Bullpen ndiye musaidalire ndi mtima wonse, ndi anthu osapanganika. Reliever, pitcher wolowa gemu ili mkati, amaponya ma inning mwina 60 pa chaka, nde masiku oipa anayi kapena asanu amaononga ziwerengero zake zonse, ndipo amene anali chilombo chaka chatha chaka chino akhoza kukhala mbuzi. Dodgers inapereka madola 72 miliyoni a zaka 4 kwa Tanner Scott kuti azitseka magemu, sizoni inamuvuta kwambiri, mapeto ake amene ankatseka magemu mu playoffs anali Sasaki, mnyamata amene anabwera ngati starter ndipo anali atangochoka pa mndandanda wa ovulala. Mukafuna kuyeza pitcher yang'anani ERA, ndiye kuti ma run omwe amapereka pa ma inning 9 aliwonse, pansi pa 3 ndi katswiri, cha mu 4 ndi wapakati, kupitirira 5 pali vuto. Koma ine ndimayang'ana kwambiri ma strikeout poyerekeza ndi ma walk (womenya kupita pa base yoyamba ulere chifukwa pitcher waphonya malo ka 4), komanso liwiro. Pitcher amene amaponya 96 mukamuona gemu ziwiri zotsatizana ali pa 92, musadikire kuti alengeze, china chake chikumupweteka. Zoti wawina magemu angati musavutike nazo, munthu akhoza kuponya bwino kwambiri anzake osamumenyera run n'kulembedwa kuti waluza.

Kumenya sinditaya nthawi yambiri. Kuchokera pa mound kufika pa home plate, pomwe womenya amaima, ndi mamita 18 ndi kanthu, mpira umafika nthawi yosakwana theka la sekondi, nde womenya wabwino kwambiri amalephera ka 7 pa maulendo 10 aliwonse. Ndiye .300 mumaiona ija, ndipo chichokereni Ted Williams mu 1941 palibe amene wafikanso .400 pa sizoni yathunthu ya MLB. Munthu wolephera kochuluka choncho sabata ziwiri zouma ndi zachizolowezi. Aaron Judge wa Yankees pofika kumapeto kwa Epulo 2024 anali pa .207 basi, ena mpaka kumukuwiza pa bwalo lakwawo, anamaliza ndi .322 ndi ma home run 58 n'kutenga MVP, mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi yake. Max Muncy wanuyo anayamba 2025 moipa zedi, mwezi wathunthu wopanda home run, kenako anayamba kuvala magalasi atamupeza ndi kavuto ka diso ndipo tsiku loyamba lomwelo anaitulutsa kunja. Nthawi zina nkhani imakhala yaing'ono choncho. Ine womenya sindimuweruza asanakwanitse miyezi iwiri. Ndipo m'malo mwa batting average, .300 ija, zolowerani OPS, imaphatikiza kangati munthu amafika pa base, kuphatikizapo ma walk, ndi kutalika kwa zomwe amamenya. Cha mu .700 ndi wamba, .800 ndi wabwino, .900 kupita m'mwamba ndiye awo timagula jezi yawo. Mwana wanu adzakuuzani kuti walk ndi yotopetsa, muuzeni kuti amene wayenda kupita pa first base ndi amene wamenya single onse aima malo amodzi.

Tibwere kwa omwe mukuti anachotsedwa ngati aba. Ndikukhulupirira mukunena Austin Barnes ndi Chris Taylor, onse anachoka mu Meyi 2025 sabata imodzi, ndipo inde ndi Barnes yemwe uja wa single yochotsetsa Snell, amenenso anagwira mpira wotsiriza wa chikho cha 2020. Zinawawa anthu ambiri, inenso zinandikhudza. Koma kuti mumvetse muyenera kudziwa kuti timu ili ndi mindandanda iwiri. Pali wa anthu 26 omwe angasewere lero, ndipo mwa amenewa ma pitcher sangapitirire 13, mu Seputembala umakwera kufika 28. Ndiye pali wa anthu 40, omwe ndi onse amene timu yawateteza, ena mwa iwo ali ku Triple-A, minor league yomwe ili pansi pa MLB, ku Oklahoma City kudikira foni. Mwa 13 otsala omwe si ma pitcher, 9 amayamba gemu, pa benchi pamatsala anayi okha ndipo mmodzi ayenera kukhala catcher wachiwiri, wogwira mipira ya pitcher kumbuyo kwa womenya. Mipando inayi basi. Ulemu wokha sungamusungire munthu mpando pamenepo.

Wosewera wachinyamata amakhala ndi zomwe amati ma option, zaka zitatu zomwe timu ingamutsitse ku minor league n'kumukwezanso popanda timu ina kumulanda, koma osapitirira ka 5 pa sizoni imodzi. N'chifukwa chake mumaona reliever waponya bwino ma inning atatu lero, mawa mukumva kuti wabwezedwa ku Oklahoma City. Sanalakwe kanthu, kungoti mkono wake sugwira ntchito masiku awiri atatu akubwerawa ndipo timu ikufuna mkono watsopano lero, iye ndi amene ali ndi option nde mtanda umagwera iyeyo. N'zowawa koma ndi mmene zilili. Wamkulu amene wakwanitsa zaka 5 mu ligi sangatsitsidwe popanda iye kuvomera. Ndiye timu ikafuna mpando wake njira ndi DFA, kumuchotsa pa mndandanda wa 40, ndipo pamakhala masiku 7 oti amugulitse kapena amuike pa waivers kuti timu ina imutenge, apo ayi amumasule. Ndalama za kontrakiti yake amalandirabe zonse, pamenepo musamumvere chisoni kwambiri. Barnes anachoka kuti akwere Dalton Rushing, catcher wachinyamata amene ankamenya bwino ku Triple-A ndipo panalibenso chomusungira kumeneko.

Anthu a kumapeto kwa mndandandawa musawapeputse. Gemu 3 ya World Series ija ya ma inning 18, amene anaigwira mpaka Freddie Freeman kudzamenya home run anali Will Klein, munthu amene anamutenga ku Seattle Mariners mu Juni popanda ndi mmodzi yemwe kuombera m'manja, ndipo ndime zoyambirira za playoffs sanali pa mndandanda n'komwe. Anaponya ma inning 4 opanda run chifukwa ku bullpen kunalibenso wina. Gemu 7, timu itatsala ndi ma out awiri, omenya awiri okha kutuluka, kuti iluze chikho, amene anamenya home run yofananitsa anali Miguel Rojas, wa pa benchi amene kochi anangomulowetsa mu lineup pa gemu 6. Nde mukamawerenga timizere tating'ono tija takuti timu yatenga uje pa waivers, yatsitsa uje, ndi pamenepo pomwe a ku ofesi, Andrew Friedman ndi anzake, amagwirira ntchito yawo yeniyeni. Pajatu kochi Roberts si amene amagula kapena kuchotsa osewera, nde pena mumatukwana munthu wolakwika.

Nthawi ina yofunika kutchera khutu ndi kumapeto kwa Julaye, pa trade deadline. Matimu omwe aona kuti chaka chawathera amagulitsa akuluakulu awo posinthana ndi anyamata a ku minor league, omwe akufuna chikho amagula. Mu 2024 Dodgers inatenga Jack Flaherty ku Detroit Tigers, Michael Kopech ku White Sox ndi Tommy Edman ku St. Louis Cardinals. Edman anabwera ali wovulala, asanasewere gemu ndi imodzi yomwe chaka chimenecho, anthu ankafunsa kuti tagula chiyani apa, mu Okutobala ndi amene anakhala MVP wa NLCS ndi New York Mets. Zomwe timu yachita sabata imeneyo zimakuuzani mmene eni ake akudzionera kuposa zonse zomwe amayankhula kwa atolankhani.

Ndiye mukandifunsa mmene ine ndimatsatira, ndimawerenga ma series osati magemu. Matimu amakumana magemu atatu kapena anayi motsatizana, mukamatenga awiri mwa atatu kawirikawiri muli pabwino kwambiri. Tebulo la division, gulu la matimu asanu lomwe timu ilimo, ndimaliyang'ana kamodzi pa sabata, ndipo lisanafike tchuthi cha Memorial Day kumapeto kwa Meyi sindilikhulupirira. Ndimayang'ananso ma run onse omwe timu yamenya kuchotsapo omwe yapereka, chifukwa timu yomwe ikuwina timagemu ta run imodzi imodzi koma chiwerengerochi chili pansi pa ziro nthawi zambiri mwayi umadzaithera. Koposa zonse ndimawerenga mndandanda wa ovulala. Pitcher akaikidwa pa IL, mndandanda umenewu, ya masiku 15 mwina n'kupuma chabe, akamusamutsira pa ya masiku 60 ndiye nkhani yakula, ndipo mukamva mawu akuti forearm, mkono wa m'munsi mwa chigongono, kapena akupita kukaonana ndi dokotala wachiwiri, konzekani mtima. Nkhawa yeniyeni ndi pomwe Ogasiti akutha, ma starter atatu odalirika palibe ndipo palibe tsiku lomwe akuti abwerera. Ngakhale pamenepo si imfa, 2024 anafika mu Okutobala ndi ma starter atatu okha, Yamamoto, Flaherty ndi Walker Buehler, magemu ena ankangolumikiza ma reliever kuyambira inning yoyamba, koma njira imeneyo ndi yodutsa pa ulalo wa mtengo umodzi, musamaiyembekezere chaka chilichonse.

Tsopano funso lanu lotsiriza, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa onsewa. Mwana wazaka 11 kudandaula chigongono si chinthu chongopaka mankhwala otentha n'kumuuza kuti limba mwamuna. Pa msinkhu umenewo mafupa sanamalize kukula, mkati mwa chigongono muli malo ofewa pomwe fupa likukulira, ndipo kuponya kwambiri kumakoka pamenepo mpaka kutupa kapena kung'ambuka. Little League ili ndi malire ake, wazaka 11 ndi 12 asapitirire mipira 85 pa tsiku, ndipo akaponya 66 kapena kuposa ayenera kupuma masiku anayi asanaponyenso. Vuto lomwe ndaliona kambirimbiri ndi la ana osewera matimu awiri, kochi uyu akuwerenga zake, uyonso zake, palibe amene akuphatikiza, kenako madzulo bambo mwachikondi akumuponyetsanso kuseri kwa nyumba. Wowerenga zonse pamodzi mukhale inuyo, kakope kakang'ono m'thumba kapena pa foni. Asamachoke pa mound n'kukavala za catcher gemu yomweyo ataponya yambiri, chifukwa catcher nayenso amabweza mpira uliwonse. Ndipo pa chaka pakhale miyezi itatu kapena inayi yomwe sakuponya n'komwe, asewere mpira wamiyendo nthawi imeneyo, inunso mupezeko mpata womuphunzitsa zomwe mumazidziwa.

Chaka china ndinachotsa mwana pa mound tikutsogola, atatsala ndi ma out awiri kuti amalize gemu, chifukwa ndinamuona akugwedeza dzanja pambuyo pa mpira uliwonse ndipo chigongono chinali chitayamba kutsika poponya. Tinaluza, bambo ake sanandiyankhule sabata ziwiri. Atapita naye kuchipatala anamuletsa kuponya kwa milungu ingapo, atabwerera anali bwinobwino ndipo anapitiriza kusewera. Ana sanena msanga, amaopa kutaya malo, nde muziyang'ana zizindikiro ngati zimenezo, komanso mipira ikayamba kukwera m'mwamba kapena liwiro kutsika mwadzidzidzi.

Kwa mwana wanuyo, poti wadandaula kale kangapo, aime kaye kuponya kuyambira lero ndipo muwauze makochi ake onse. Kutopa kwa minofu komwe kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa, koma ululu wa mbali ya mkati mwa chigongono, makamaka ngati akuloza ndi chala malo amodzi, kapena patupa, kapena akulephera kuwongola mkono wonse, kapena zala ziwiri zakumapetozi zikuchita dzanzi, zimenezo ndi za dokotala sabata yomwe ino. Yambani ndi dokotala wa ana amene mumapitako, mumufotokozere kuti mwanayo ndi pitcher ndi kuchuluka kwa mipira yomwe amaponya pa sabata, mupemphe kuti akutumizeni kwa wa mafupa kapena wa zamasewera ngati pakufunika X-ray. Musamupatse mankhwala opha ululu kuti akathe kusewera Loweruka, ndipo asabwerere pa mound mpaka dokotalayo atanena yekha.